Nyimbo Yachinayi pa Kaseti ya Rugina

Torino, 15 Okutobala 2000

Ilinca mwana wanga,

Moni wochokera pansi pa mtima. Uli bwanji? Nanga malume ako a Fănel, mwendo uja wasiya kuwavuta? Ine kuno ndilipo, kungoti tulo ndi tochepa. Mukanakhala ndi foni kunyumbako bwenzi ndikumva mawu ako Lamlungu lililonse, koma tizingolemberana choncho.

Kalatayi ili m'katundu amene ndampatsira Gicu wa minibasi. Muli khofi, sopo wochapira, ndi nsapato zoyera za ku sukulu yako ya unamwino. Undiuze za sukuluyo. Kalata yako yapita ija inali ya mizere isanu ndi umodzi, ndipo iwiri inali yonena za mvula.

Wandifunsa kuti kwenikweni ndimagwira ntchito yanji. Ndikuuza iwe wekha poti wakula. Sindisoka zovala ayi. Ndimasamala mayi wina wokalamba kwambiri, dzina lake Ada. Ndimamusambitsa, kumudyetsa ndi supuni, kumusintha matewera ngati khanda. Mutu wake unasokonekera, moti amanditcha Rosa, dzina la mng'ono wake amene anamwalira kalekale. Ine ndimavomera. Akati Rosa, ndimadzuka n'kuthamanga. Ndimagona m'kachipinda kosungiramo masutikesi, kopanda zenera. Ndimatuluka Lachinayi masana ndi Lamlungu m'mawa basi, ndipo ndikaona wapolisi ndimawolokera tsidya lina la msewu chifukwa mapepala ndilibe. Nditabwera kudzakuona, sindingalowenso m'dziko lino. N'chifukwa chake chaka chino n'chachitatu osandiona.

Anansi a pa masitepe athu m'nyumba yosanja ija akafunsa, uziwauza zomwe zija, kuti amayi amasoka m'shopu ya zovala. Malemu bambo ako anali munthu wolemekezeka ku fakitale ya zitsulo. Sindifuna anthu azinena kuti mkazi wa Bălan akupukuta nkhalamba za eni.

Malume ako akuti umadzitsekera m'bafa n'kumayankhula wekha mothamanga ngati wogulitsa mpendadzuwa ku bwalo la mpira. Ukuloweza za mayeso?

Ndine mayi ako,
Tudorița


Galați, 2 Novembala 2000

Mama,

Moni. Ndili bwino, Malume ali bwino, mwendo uli chimodzimodzi. Katundu wafika. Khofi Malume amubisa pamwamba pa kabati, akuti ndi wa alendo, koma mlendo amene akumwa m'mawa uliwonse ndi iwowo.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Kachitatu ndinawerengera m'bafa nditatsegula mpopi. Sindiuza munthu.

Sukulu ilipo.

Mama, kuno kukundithina. Sindikudziwa kuti ndinene bwanji. Ndimakwera tramu, sitima ya m'misewu ija, mpaka kumapeto kwa njanji n'kubwerera osatsika. Pa masitepe athu pali zitseko khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo kuseri kwa zisanu ndi ziwiri kulibe mayi. Onse ali kumeneko kapena ku Spain, ndipo onse akuti amasoka kapena amagulitsa m'shopu. Italiya yense ayenera kuti wavala zovala zosokedwa ndi azimayi a m'dera lathu lino la Micro 19.

Ndili ndi pempho. Mukatha, munditumizire makaseti opanda kanthu, abwino aja osatafunidwa ndi wailesi, komanso maikolofoni, ngakhale yakale. Pali zimene ndikuphunzira kuyankhula, ndipo ndikufuna ndizidzimvera ndekha kuti ndidziwe pamene ndikupunthwa.

Ndakuikirani mabotolo awiri a zacusca, ndiwo ya mabiringanya yopaka pa buledi ija. Mabiringanya ndinawotcha ndekha, anapsa pang'ono.

Ilinca


Torino, 10 Disembala 2000

Ilinca wanga,

Moni, moni! Wandisangalatsa. Ndakumvetsa ngakhale sunanene poyera: ukuphunzira Chitaliyana! Wachita nzeru. Namwino wodziwa chiyankhulo kuno samupukutitsa munthu m'nyumba, amalowa m'chipatala chenicheni, mapepala ali m'manja. Ndagula makaseti khumi ndi maikolofoni kumsika wa zakale, ndawonjezanso kabuku ka mawu. Ukamaliza sukulu tidzakhala limodzi m'nyumba ya zenera. Ndauzako Ada, ndipo anandisisita tsaya ngati wamva.

Zacusca yako ndikudya supuni imodzi patsiku kuti isathe msanga.

Mayi ako


Galați, 21 Januwale 2001

Mlongo wanga Tudorița,

Moni wa chaka chatsopano. Ine ndilipo, mwendo ukulosera chipale bwino kuposa a pa wailesi. Khala pansi uwerenge.

Mwana wako sukulu anasiya. Anasiya mu Novembala. Ndinakumana ndi mphunzitsi wake pogula kabichi, iye n'kundifunsa ngati Ilinca wachira. Ndinati wachira chiyani? Ndinaima pamenepo ngati chitsiru, kabichi m'manja.

Mawa lake ndinamulondola. Ndinkati pali mwamuna, kapena mimba, kapena zosuta zija zikupengetsa ana. Analowa m'kashopu ka Codrin, wokonza mawailesi uja kuseri kwa msika. Ndinalowa ndi ndodo yanga m'mwamba. Amene anandilandira ndi mkazi wa Codrin, mwana ali m'manja, n'kundipatsa mpando. Kuchipinda chakumbuyo makoma onse amata mapepala oikamo mazira. Codrin ali pa makina, mutu ukugwedera. Mwana wako ali m'kabati ya zovala, mlongo, m'kabati, maikolofoni yako ija ataiveka sokosi, akulalatira majekete.

Ndinati, "Iwe, tuluka m'menemo."

Iye amvekere, "Malume, dikirani ndimalize vesi."

Vesi! Ngati tili m'tchalitchi.

Akuti ndi rapu. Ndi zoyankhula zothamanga zija za anyamata a mabuluku ogwa m'chiuno. Si kuyimba, si kulakatula, ndi ngati munthu akukangana ndi kondakitala koma motsatira ng'oma. Wadzipatsanso dzina, akuti ndi Rugina, kutanthauza dzimbiri. Ndinamufunsa kuti mwa mayina onse a pa dziko wasankha dzimbiri? Akuti mzinda wonse wachita dzimbiri, bola iye akuvomera.

Panjira ndinamukalipira mpaka mawu anandithera. Iye milomo yokha ikuyenda, akuwerenga mapazi ake. Ndinati, "Ukundimva?" Akuti, "Ndikumva, Malume, mwanena mawu abwino, ndiwagwiritsa ntchito."

Ine ndinayendetsa makina onyamula katundu padoko zaka makumi atatu, koma uyu sindingamunyamule. Ndikuuze chimodzi mwachilungamo: m'kabati muja sanapunthwe ngakhale liwu limodzi. Zomwe amanena sindinazimve zonse, koma tsitsi la pamkono linandiima. Usamuuze kuti ndatero.

Lemba umulangize.

Fănel


Torino, 11 Febuluwale 2001

Ilinca,

Moni. Ndikhulupirira uli moyo, poti zina zonse zimene umandiuza sindikudziwanso ngati n'zoona.

Ndinayenda msika wonse m'chisanu kufunafuna maikolofoni, ndikusekerera ngati wamisala, ndikuuza aliyense kuti mwana wanga akuphunzira chiyankhulo. Unandisiya ndikhulupirire zimenezo. Nsapato zoyera zija ukuvalira m'kabati?

Tamvera. Pali banja lina kuno likufuna mtsikana wolera ana awiri. Ndalankhula nawo, adikira mpaka Pasaka. Gicu akudziwa njira yowolotsera munthu. Ngati sukulu yakukanika, bwera udzagwire ntchito pamene ndingamakuone Lamlungu. Za Rugina uzisiye m'kabati momwemo. Ine ndinabereka Ilinca.

Undiyankhe kalata ino isanazizire.

Mayi ako


Galați, 9 Malichi 2001

Mama,

Moni. Pepani. Kabuku ka Chitaliyana kaja kandiyang'ana miyezi itatu, ine osalimba mtima. Lero ndinena zonse, mukwiye kamodzi.

Sizinayambe chaka chino. Mukukumbuka chaka chimene Bambo anamwalira, pamene ndinasiya kuyankhula kusukulu? Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Woyendetsa sitima ya pamadzi wina anampatsa Malume kaseti ya ku Amerika, iwo n'kuitaya kuti ndi phokoso. Ine ndinaitola. Sindinkamva liwu lililonse, koma ndinamva kuti anthu awa akwiya ndipo sakupepesa. Ndinayamba kuikamo mawu anga. Makope a masamu aja munkadabwa kuti akutha msanga, munalibe masamu.

Sukulu ya unamwino ndinayesetsa. Tsiku lina mu Novembala anatipatsa bambo wokalamba kuti timusambitse. Kalata yanu ija inali m'thumba la yunifolomu. Ndikumupukuta msana, iye ananditchula dzina la mkazi wina, ine n'kuvomera. Ndinamaliza bwinobwino, n'kutuluka, n'kulemba nyimbo yonse kuseri kwa pepala la odwala nditakhala pa masitepe. Sindinabwererenso.

Mwezi watha kunali mpikisano ku nyumba ya achinyamata, Loweruka masana. Anyamata makumi awiri, mtsikana ine ndekha. Nditagwira maikolofoni wina anakuwa kuti, "Iwe, mbale zatsala kunyumba!" Ndinati, "Mbale ndatsuka kale, chatsala ndi pakamwa pakopo." Holo yonse inagwa nako kuseka. Kenako Codrin anatsegula ng'oma, ine n'kuyamba nyimbo imene ndinalemba pa masitepe ija. Mama, pamene ndinkamaliza munalibe woseka. Mnyamata wa mbale uja anali ataphimba nkhope ndi chipewa. Mayi ake ali ku Padova, ku Italiya komweko.

Tajambula nyimbo zisanu ndi zitatu. Palibe kampani, palibe bwana. Codrin amakopera makaseti awiriawiri pa makina ake, mkazi wake amadula zikuto, ine ndimagulitsa m'chikwama pa msika ndi pa siteshoni.

Ku Italiya sindibwera. Ndikabwera ndidzakhala chete, ndipo ndikudziwa mmene kukhala chete kumandidwalitsira.

Kaseti imodzi ili m'katunduyu. Chonde mumvere muli nokha, Lachinayi. Nyimbo yachinayi ndi ya inu. Ndinalonjeza kuti sindiuza munthu, ndipo ndaphwanya lonjezo. Ndinayesa kusintha mawu kuti isakhale inu, koma ikatero imafa. Makaseti amene atuluka ndi ochepa, a muno mu Galați momwe. Mukati ichoke, pa otsatirawo ndiichotsa. Ingonenani.

Ilinca


Torino, 6 Meyi 2001

Achimwene a Fănel,

Moni. Kalatayi ndatumiza pa positi chifukwa Gicu sakuonekanso kuno. Ndikulembera inu, osati mwana uja. Miyezi itatu sanandiyankhe, ndipo lero ndadziwa chimene anatanganidwa nacho.

M'mawa uno nditachoka ku tchalitchi ndinapita pamene pamaima maminibasi a kwathu, pamene timakumana azimayi kugula tchizi ndi kumva nkhani. Tinalipo ambiri. Vasilica wa pa nyumba yoyang'anana ndi yathu uja analipo, ndi ena awiri a ku Micro 19. Dalaivala wina wa ku Brăila anatsegula zitseko n'kukweza wailesi. Ng'oma zokhazokha, ine osasamala. Kenako ndinamva mawu. Achimwene, mawu a mwana wako umawadziwa ngakhale atakhala pansi pa madzi. Anayamba n'kudzitchula kuti Rugina, mwana wa Bălan wa ku Micro 19. Kenako anati:

Mukandifunsa pa masitepe ndimati amayi amasoka,
chaka chachitatu chino chichokereni anachoka.
Akaitana kuti Rosa, amayi anga amadzuka,
dzina lawo lenileni pa malire linasungunuka.

Zonse zinalimo. Matewera, supuni, kachipinda ka masutikesi, kuwoloka msewu pothawa wapolisi. Zimene ndinalemba ndi dzanja langa kwa mwana wanga yekha zinkatuluka m'minibasi pamaso pa msika wonse.

Azimayi onse anatchera khutu. Wina anakhala pansi pa chikwama chake n'kuyamba kulira. Vasilica anatembenuka pang'onopang'ono n'kuti, "Tudorița, si Ilinca wako ameneyu?"

Ndinati, "Ine ndilibe mwana woyimba."

Ndinatero, achimwene. Ndinanyamula tchizi wanga n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba, tramu ndinaiwala kuti iliko. Ada anandiona nkhope n'kufunsa kuti, "Rosa, wakumenya ndani?"

Zaka zitatu ndasunga ulemu umodzi wokhawo, woti kwathu anthu azindiona ngati mmene ndinachokera. Wauvula pa msika kuti anzake amuombere m'manja. Mumuuze kuti katundu ndizitumizabe, sindingamusiye ndi njala. Koma kalata asayembekezere. Ndilibe mawu ena oti akagulitse.

Tudorița


Galați, 1 Juni 2001

Mama,

Moni. Malume andiwerengera kalata yanu. Mama, ndinalemba! Ndinalemba mu Malichi, kalata yaitali, ndi kaseti, ndinapempha kuti mumve muli nokha. Ndinapatsira Gicu m'manja. Ndapita kwawo kanayi, akuti anapita ku Spain, za katundu sakudziwa.

Sindinadziwe kuti anthu akopera kasetiyo mpaka kufika kumeneko. Ogulitsa pa misika akuikopera okha, sandifunsa. Ndachotsa nyimboyo pa makaseti anga onse atsopano. Koma amene ali m'maminibasi sindingawagwire.

Ndilembereni ngakhale zotukwana.

Ilinca


Galați, 19 Ogasiti 2001

Mama,

Moni. Simunayankhe, komabe ndilemba, chifukwa ndikapanda kutero ndizingozungulira m'nyumba mpaka Malume andimange pa mpando.

Kampani ina yojambula nyimbo ya ku București inandiitana. Ndinakwera sitima ya m'mawa, maola anayi nditaima pa khonde chifukwa kukhala pansi kumandikanika. Ofesi yawo ili ndi kapeti yoti phazi limamira. Bwana wa kampaniyo, bambo wa mphete zitatu, anandipatsa madzi a malalanje n'kumanditcha "kamtsikana."

Anati, "Kamtsikana, zisanu ndi ziwiri zinazo ndi phokoso la ana. Koma yachinayi ija ndi golide. Theka la dziko lino mayi ake ali kunja. Tiijambulanso ndi zeze wolira, tipange kanema, tipeze mayi wa nkhope yomvetsa chisoni azisintha tewera, Khirisimasi ikamafika dziko lonse lizilira."

Analonjeza nyumba ku București, situdiyo yeniyeni, dzina langa pa wailesi ya kanema. Pepala linali pa tebulo, cholembera pamwamba.

Ndinafunsa kuti, "Nanga nditafuna kuti nyimboyo isamvekenso?"

Anaseka. "Ukasaina si yakonso, kamtsikana. Ndiye ubwino wake, sudzavutikanso kuganiza."

Ndinati ndikufuna kupita kuchimbudzi. Ndinatsika masitepe, n'kutuluka, n'kuyenda mpaka ku siteshoni osatembenuka.

Malume sanandiyankhule masiku awiri. Tsiku lachitatu anati, "Ukudziwa kuti pepala limenelo likanabweretsa mayi ako kunyumba?" Ndikudziwa, Mama. Ndinkadziwa ndili pa kapeti paja. Mukanasiya matewera chaka chino. Ndaganiza zimenezi mpaka mutu kuwawa, ndipo mwina ndalakwanso kachiwiri. Koma ndinakuberani kamodzi. Sindikanatha kugulitsa chimene ndinaba, kwa munthu woti mawa inu mutati chichoke, iye n'kukusekani.

Ndiye ndabwerera m'kabati. Ndikulemba zatsopano, za tramu, za fakitale, za Malume ndi mwendo wawo. Masana ndimathandiza Codrin kumasula mawailesi. Loweruka ndimakwera sitima kupita ku Brăila, ku Tecuci, ku Focșani, chikwama kumsana, kulikonse kumene angandipatse maikolofoni mphindi khumi. Kulikonse amapempha yachinayi. Sindiyimba.

Kukutentha. Kodi m'kachipinda kanu mumapuma bwanji?

Ilinca


Galați, 23 Seputembala 2001

Mlongo,

Moni. Mu Juni ndinakuuza kuti mwana analemba, iwe n'kuyankha pa kapepala ka m'katundu kuti ndikumuikira kumbuyo. Chabwino. Tsegula phukusi ili. Ndalipeza dzana m'galaja ya apongozi ake a Gicu, pansi pa matayala. Minibasi inamufera ku Hungary mu Malichi, katundu wa anthu anamubweza pa lole n'kumuunjika m'menemo, iye manyazi n'kuthawa. Zacusca yaphulika, yanunkhitsa zonse, koma kalata ikuwerengeka. Taona deti lake. Kenako undiuze amene akuikira mnzake kumbuyo.

Tsopano imva zimene ndaona ndi maso anga. Sabata yatha kunali chisangalalo cha achinyamata m'mbali mwa mtsinje wa Dunărea, masana dzuwa lili phwee. Anamupatsa mphindi makumi awiri. Ine ndinapita chifukwa zokuzira mawu za Codrin n'zolemera ndipo anyamata a masiku ano alibe misana. Usaganize zina.

Anayimba nyimbo zinayi zatsopano. Ina ndi ya mwendo wanga, anthu anaseka, ine sindinaone choseketsa. Atamaliza, khamu linayamba kukuwa, "Yachinayi! Yachinayi!" Anthu mazana, mlongo, ambiri ana a sukulu, ena agogo awo atawagwira dzanja.

Iye anaima n'kuti, "Imeneyo si yanga ndekha. Mwini wake sanandiyankhe."

Anatembenuka kuti atsike. Ndiye kutsogolo mtsikana wina anayamba yekha, wopanda ng'oma. Ena n'kulowa. Posakhalitsa bwalo lonse linkainena, liwu ndi liwu, ngati pemphero. Koma pofika pa dzina la Rosa, aliyense anatchula lina. Wina Maria, wina Pina, wina Carmen. Aliyense dzina limene mayi ake amaitanidwa nalo kumene ali. Ine ndinayang'ana kumtsinje, chifukwa utsi wa nyama yowotcha unandilowa m'maso.

Ilinca anakhala pansi kuseri kwa zokuzira mawu atatseka makutu. Waonda, sakhazikika, akudya ataimirira. Pa masitepe athu palibe amene wakunyoza. Mkazi wa Stoica wa m'mwamba uja anandiimitsa n'kuti, "Mwana wanganso sasoka." Basi, n'kupitiriza kukwera.

Ndiwe wouma mutu kuyambira uli mwana, ndipo wabereka mnzako. Ine ndatopa kukhala pakati. Lemba.

Fănel


Torino, 18 Novembala 2001

Ilinca mwana wanga,

Moni. Uli bwanji? Ukudya utakhala pansi?

Phukusi linafika mu Okutobala, likununkha mabiringanya owola. Ndinawerenga kalata ya Malichi. Kenako ndinatulutsa makalata awiri aja a Juni ndi Ogasiti, amene anali pansi pa matiresi osatsegula. Inde, sindinawatsegule. Ndachedwa kuyankha chifukwa Ada anadwala, ndipo masabata asanu sindinachoke pambali pake. Anamwalira pa 6 mwezi uno.

Sindinena kuti sunalakwe. Unalakwa. Munthu amapempha asanatenge, osati atatenga. Za pepala la ku București, tsiku loyamba ndinakutukwana kuti ndiwe chitsiru, tsiku lachiwiri ndinalira, ndipo mpaka lero sindikudziwa kuti tsiku lolondola ndi liti. Koma inenso ndili ndi changa. Ndinakukana pa msika. Lamlungu lapitali ndinapita kwa Vasilica pamaso pa azimayi onse n'kunena kuti, "Uja ndi Ilinca wanga, ndipo Rosa ndine." Iye anati, "Tinkadziwa, mayi iwe. Ine kuno ndine Gina." Tinaseka mpaka dalaivala anatifunsa ngati tamwa.

Kaseti ndamvera yonse. Umathamanga kwambiri, ndipo nyimbo yachisanu ndi chimodzi ili ndi mawu awiri amene sindinakuphunzitse ine. Yachinayi uibwezeretse. Uziyimba, koma dzina la bambo ako ulichotse koyambirira kuja, iwo sizikuwakhudza. Unditumizire makaseti makumi awiri, azimayi akufuna enieni ochokera kwa mwini wake.

Kubwera sindibwera msanga. Ndapeza ntchito ina ku Asti, kwa bambo wokalamba wosayenda, ndiyamba pa 1. Akuti chipinda chake n'chabwinoko. Adiresi ndidzakutumizira.

Tsopano tamvera ichi. Ada anamwalira m'mawa, dzanja lake lili m'langa. Ana ake anafika masana. Pa maliro anandikhazika kumbuyo, pafupi ndi chitseko, pamodzi ndi maambulera. Wansembe anatchula onse amene anamukonda, mpaka adzukulu a ku Milano amene sanabwere ndi kamodzi komwe, koma ine ayi. Tchalitchi chonse amene ankalira mokweza ndinali ine ndekha, moti mwana wake wamkazi anatembenuka n'kundiyang'ana ngati ndataya mbale. Potuluka anandigwira dzanja, anafuna kundithokoza, ndiye ndinaona m'maso mwake kuti akufunafuna dzina langa. Chaka chachinayi chino ndili m'nyumba ya mayi ake. Ndinamusiya afunefune. Kenako ndinamuuza pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo, mpaka analitchula bwino.

Sindinauzepo munthu zimenezi, ngakhale malume ako. Ndakulembera ndikudziwa bwino lomwe kuti ndiwe ndani ndiponso zimene umachita ndi makalata anga. Iyi sunabe. Ndakupatsa ndekha.

Ndine mayi ako,
Tudorița Bălan